Kambiya ka Mafuta: Umphawi Uchokera Kuti, Nanga Tingatani?

Werengani: 2 Mafumu 4:1-7, Miyambo 13:23, Amosi 8:4-6

Chaka chili chonse m'mwezi wa February, ndikamaitana maina m'kalasi mwanga, pamakhala ena amene sayankha. Masiku ano sindifunsanso kuti ali kuti. Ena ali m'minda ya eni, kugwira ganyu kuti pakhomo papezeke kaufa. Ena angokhala kunyumba, chifukwa masamu salowa m'mutu pamene m'mimba muli mbee. Boma linachotsa malipiro a sukulu m'chaka cha 2022, ndipo makalasi athu anadzaza mpaka pakhomo, koma njala sifunsa ngati fizi inachotsedwa.

Mtsikana wina wa Giredi 11 atasowa milungu itatu, ndinapita kukaona amai ake. Ndi mai wa Chigwirizano ngati inu ndi ine. Samwa mowa, dzuwa siliwapeza pamphasa, ndipo chaka chimenecho anakolola bwino. Nanga chimanga chinapita kuti? Anandiwerengera pa zala. Matumba ena anagulitsa mu May kuti abweze nkhongole ya feteleza. Ena anathera pa maliro a mlamu wao. Ena anadya anankafumbwe. Pofika January anali kugula chimanga pa meda pa meda, pa mtengo woposa kawiri mtengo umene iwo anagulitsira. Mai ameneyu sanali waulesi, koma anali wosauka, ndipo mwana wake anali pafupi kusiya sukulu.

Iwo sali okha. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti anthu 60 mwa anthu 100 alionse m'Zambia ndi osauka. Kumidzi ndi pafupifupi 79 mwa 100, m'matauni pafupifupi 32. Mu 2015 chiwerengero cha dziko lonse chinali 54, ndiye kuti tinabwerera m'mbuyo. Mukakhala pa benchi ya anthu khumi m'tchalitchi, dziwani kuti nkhani ya lero ndi ya asanu ndi mmodzi a pa benchi imeneyo.

Umphawi unalowa m'nyumba yoopa Mulungu

Tiyambe ndi mkazi wamasiye amene tamuwerenga mu 2 Mafumu 4. Mwamuna wake anali m'gulu la aneneri, ndipo Elisa anali kumudziwa kuti anali woopa Yehova. Koma anamwalira ali ndi nkhongole, ndipo mwini ndalama anali kubwera kudzatenga ana awiri aamuna kuti akhale akapolo ake. Taonani kuti Baibulo silinena kuti banja ili linachimwa. Silinenanso kuti panali temberero la makolo. Panali imfa, panali nkhongole, ndipo panali wokongoza wopanda chifundo.

Ndiyenera kunena izi poyera chifukwa masiku ano kuli alaliki ambiri, pa wailesi ndi pa foni, amene amauza mai wosauka kuti umphawi wake ndi chiwanda, ndipo kuti akafesa mbeu ya ndalama kwa munthu wa Mulungu chiwandacho chidzachoka. Mai uja amatenga mpamba wa tomato wake n'kukapereka. Mwezi ukatha mlaliki ali ndi suti yatsopano, mai alibe mpamba. Elisa sanapemphe kanthu kwa mkazi wamasiye uja, ngakhale dontho la mafuta. Ndipo Ambuye Yesu, pa Yohane 9, anakana maganizo a ophunzira ake akuti munthu wobadwa wosaona anali kulipira tchimo lake kapena la makolo ake.

Kodi ndiye kuti khalidwe la munthu lilibe mbali? Ai, lili nayo. Buku la Miyambo limadzudzula ulesi pa mutu 6 ndi mutu 24, ndipo pa mutu 23 limachenjeza kuti kumwa ndi kususuka kumasaukitsa. Tonse tidziwa nyumba imene ndalama za thonje zimathera ku kachasu mlungu umodzi, ndipo tsopano kwabweranso kubetcha pa foni, kumene kwameza malipiro a anyamata athu ambiri. Koma buku lomwelo la Miyambo, pa 13:23, limatiphunzitsa kuti munda wa wosauka ukhoza kubala chakudya chambiri, koma kupanda chilungamo n'kuchisesa chonse. Mkhristu woona ayenera kugwira mavesi onse awiri. Wogwira loyamba lokha amasanduka woweruza anzake. Wogwira lachiwiri lokha amakhala pansi n'kumadikira boma.

Zina zinayamba tisanabadwe

Amene tili ndi zaka makumi asanu ndi kupitirira tikumbukira mizera. Tinali kudzuka usiku kukaima pa sitolo ya boma kudikira ufa, shuga, sopo kapena mafuta ophikira, osadziwa ngati zifika. Ndili mtsikana ndinali kuganiza kuti dziko lonse lapansi limakhala motero.

Chinachitika ndi ichi. Titalandira ufulu mu 1964, pafupifupi ndalama zonse zakunja zinali kuchokera ku kopa. Mu 1968 ndi 1969 boma linatenga gawo lalikulu la makampani ndi migodi. Kenaka mtengo wa mafuta a galimoto unakwera kwambiri mu 1973, ndipo wa kopa unagwa mu 1975. Dziko linayamba kukongola kuti lipitirize kudya monga kale. Boma ndilo linali kuika mtengo wa chimanga ndi wa ufa, ndipo pofuna kuti a m'tauni adye motchipa, mlimi anali kulandira zochepa. Pamene anayesa kukweza mtengo wa ufa kunabuka zipolowe, ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990.

Kuyambira 1991 tinatembenukira mbali ina mwaliwiro. Makampani a boma anagulitsidwa, ena anatsekedwa, monga Zambia Airways mu 1994. Anthu ambiri anachotsedwa nchito, ndipo mlimi wa kutali, amene anazolowera kuti boma lidzabwera ndi feteleza ndi kudzagula mbeu zake, anapezeka ali yekha. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali kutenga makolo n'kusiyira agogo ana. Mipingo inalimbana nao m'nkhondo ya Jubilee 2000 yopempha kuti nkhongole za dziko zikhululukidwe, ndipo mu 2005 gawo lalikulu linakhululukidwadi. Koma tinakongolanso, mpaka mu November 2020 dziko linalephera kulipira pa nthawi yake. Pamwamba pa izi panabwera chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Ndafotokoza mbiri iyi kuti muone zinthu ziwiri. Pamene boma linagwira malonda onse, masitolo anali opanda kanthu. Pamene linasiya zonse mwadzidzidzi, masitolo anadzaza koma matumba a anthu anali opanda kanthu. Ine ndimaona kuti malonda ndi ofunika, ndipo ndidzaonetsa chifukwa chake, koma malonda amafuna mseu wabwino, sikelo yoona, khoti lachilungamo ndi anthu a chikumbumtima.

Zina timazichita tokha kwa anzathu

Pali chinthu chimodzi chosaukitsa azimai chimene sitingachiike pa boma kapena pa mvula. Ndicho kulanda chuma cha masiye. Maliro asanathe n'komwe, abale a mwamuna ayamba kale kuwerenga mipando ndi malata. Ndipo tinene zoona, amai: kawirikawiri otsogolera kulanda ndife alongo a womwalirayo, ena a ife titavala yunifomu ya Chigwirizano.

Dziko lathu lili ndi lamulo la m'chaka cha 1989 lonena za chuma cha munthu amene wamwalira osalemba wilo. Limagawa motere: ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kudalira womwalirayo 10. Nyumba ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso. Lamuloli silikhudza malo a m'manja mwa mafumu, n'chifukwa chake mai wa kumudzi ayenera kudziwika kwa anyakwawa kuti munda ndi iye amaulima. Ndikupemphani kuti manambala awa muwalembe kuseri kwa buku lanu la nyimbo. Tsiku lina mudzakhala pa maliro pamene palibe wina wowadziwa koma inu.

Elisa anayambira pa chimene chinalipo

Tibwerere kwa mkazi wamasiye. Elisa akanatha kuyendetsa mbale pakati pa aneneri anzake. Sanatero. Anayamba ndi kumufunsa za chimene chinatsala m'nyumba mwake. Mai uja poyamba anati mulibe kanthu, kenaka anakumbukira kambiya ka mafuta. Umphawi umachita zimenezi, umatseka maso a munthu kuti asaone ngakhale chimene ali nacho. Mukafunsa mai wosauka kuti ali ndi chiyani adzati alibe. Mukakhala naye pansi mudzapeza kuti ali ndi nkhuku zinai, mtengo wa mango, dimba la agogo lomwe lagonera, ndipo amadziwa kuumba mbaula kapena kuluka tsitsi.

Chachiwiri, anamutuma kwa anansi kukabwereka ziwiya zopanda kanthu, zambiri ndithu. Mai amene sagwirizana ndi anansi ake akanabwera ndi ziwiri. Chachitatu, nchito yothira mafuta anaigwira yekha ndi ana ake. Chozizwitsa chinali cha Mulungu, koma manja anali ao, ndipo mafuta analeka pamene ziwiya zinatha. Pomaliza mneneri anamuuza kuti akagulitse mafutawo, abweze nkhongole, ndipo zotsala zikhale zodyera iye ndi ana. Taonani, Mulungu sanagwetse ndalama kuchokera kumwamba. Anapatsa mai uyu katundu wopita naye kumsika.

Ena a ife tinakula tikuganiza kuti malonda ndi chinthu cha dziko, chosayenera mkazi wopemphera. Koma mkazi wa pa Miyambo 31 amagula munda, amaomba nsalu n'kugulitsa kwa amalonda, ndipo chifukwa cha phindu lakelo ali ndi chopatsa osauka. Lidiya, amene anatsegula nyumba yake kwa Paulo ku Filipi, anali wogulitsa nsalu za mtengo wapatali. Ku Geneva, m'masiku a John Calvin, kunafika anthu ambiri othawa mazunzo ku France. Atumiki oyang'anira thumba lowathandiza sanali kungogawa chakudya. Anali kuwagulira zipangizo za nchito, kulipirira achinyamata kuti aphunzire luso, ndi kubwereketsa mpamba. Utumiki wa mtundu umenewu ndi cholowa chathu ife a mpingo wa Reformed.

Ndipo mbiri ya masiku athu imavomereza. Mu 1978 alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang ku China anapangana mobisa kugawana munda wa gulu, kuti banja lili lonse lilime gawo lake, lipereke zofunika ku boma, zotsala zikhale zao. Nthaka inali yomweyo, makasu omwewo, koma zokolola zinachuluka kwambiri, ndipo njirayo inafalikira dziko lonse. Banki ya Dziko Lonse imati m'zaka 40 zotsatira anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni m'dziko limenelo. Munthu akadziwa kuti thukuta lake lidzadyedwa ndi ana ake, amalima mosiyana.

Nkhongole: chiwiya chobwereka, osati chuma

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera, ndi ine ndemwe.

Zaka zapitazo ndinatenga nkhongole ku kampani ina yobwereketsa ndalama kwa ogwira nchito m'boma. Sinali ya malonda. Inali ya kitchen party ya mwana wa mkulu wanga, chifukwa sindinafune kuti anthu anene kuti azakhali ake ndi aphunzitsi koma phwando linali lozizira. Phwando linatha tsiku limodzi. Kudulidwa malipiro kunatenga zaka zitatu. Ine amene ndimaphunzitsa ana kuwerengera chiwongoladzanja pa bolodi sindinawerengere changa ndisanasaine. Ndikunena izi kuti pasakhale wina woganiza kuti nkhongole zoipa ndi za osaphunzira.

Tiyerekeze kaloba. Mwabwereka K500, mwezi ukatha mubweze K750. Mwezi watha, mulibe yonse, ndiye mwapereka K250 ya pamwamba yokha. Mukachita zimenezi miyezi inai mwapereka K1,000, koma K500 ija ikadali pomwepo. Palibe tomato kapena salaula amene angabale mofulumira chotero. Calvin analola chiwongoladzanja pa ndalama yobwereka kukachitira malonda, koma anakana kuti chitengedwe kwa wosauka wobwereka chifukwa cha njala. Ndipo Deuteronomo 24:6 imaletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa ndi pamene banja limadyera. Lero mphero imeneyo ndi makina osokera, njinga kapena khasu la ng'ombe.

Nanga nkhongole zing'onozing'ono za mabungwe? Mu 1976 mphunzitsi wa ku Bangladesh, Muhammad Yunus, anabwereketsa madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra, ndipo pamenepo panabadwira Grameen Bank. Mu 2006 analandira mphoto ya Nobel, ndipo ambiri anaganiza kuti mankhwala a umphawi apezeka. Koma mu 2015 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'maiko asanu ndi limodzi, ndipo zinaonetsa kuti nkhongolezi zinathandiza ena kukuza malonda, makamaka amene anali nao kale, koma mabanja ambiri sizinawatulutse mu umphawi. Chaka chomwecho kunatuluka kafukufuku wina, wa njira imene inayambira ku bungwe la BRAC. M'njira imeneyi osaukitsitsa sapatsidwa nkhongole. Amapatsidwa chiweto kapena katundu woyambira, chakudya cha miyezi yoyamba kuti asagulitse chiwetocho, maphunziro, posungira ndalama, ndi munthu wowayendera kawirikawiri. M'maiko asanu mwa asanu ndi limodzi phindu linakhalitsa ngakhale thandizo litatha. Kumene zinavuta ndi ku Honduras, chifukwa nkhuku zambiri zinafa ndi matenda. Amene tinaonapo chitopa chikusesa khola sitidabwa.

Chimene ndimatengapo ine ndi mbali ya kuyendera ija. Mabungwe amalipira anthu kuti aziyendera osauka. Ife a Chigwirizano timayendera kale, mlungu ndi mlungu, kwaulere. Chotsala n'chakuti tikatha kupemphera tifunsenso za mbuzi ija ndi za buku la malonda.

Kusunga pamodzi

Chilimba timachidziwa, ndipo n'chabwino pogula chinthu chachikulu kamodzi. Koma ndalama ya chilimba sibala, ndipo mwana akadwala mwezi umene si wanu simuthandizika. Gulu losunga ndi kubwereketsana, limene ambiri amalitcha village banking, linakonza zimenezi. Njira yake inayamba ndi bungwe la CARE pakati pa azimai a ku Niger mu 1991. Anthu odziwana, kuyambira 15 mpaka 25, amakumana nthawi yoikika. Aliyense amagula masheya monga mwa mphamvu yake, ndipo amalembedwa m'kabuku kake. Ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosi lili kwa wachinai, ndipo silitsegulidwa gulu lisanasonkhane. Wobwereka sapitirira katatu pa zimene wasunga. Pali kathumba kena kapadera ka matenda ndi maliro. Chaka chikatha, zonse pamodzi ndi phindu zimagawidwa monga mwa masheya a munthu.

Malamulo awa aoneka ngati kusakhulupirirana, ndipo ndinamvapo mai wina akuti, "Ife ndife ana a Mulungu, maloko atatu n'ngachiyani?" Ndinamuyankha kuti ife a Reformed timaphunzitsa kuti mtima wa munthu ndi wonyenga, wa msungichuma ndi wanga womwe. Loko imateteza mlongo wathu ku yesero. Ngakhale Paulo, potumiza chopereka ku Yerusalemu, sanafune kunyamula yekha, anasankhitsa anthu oyenda nacho.

Koma chenjerani. Magulu ena asanduka kaloba wovala chitenje. Amaika chiwongoladzanja chachikulu, ndipo amakakamiza membala aliyense kubwereka ngakhale alibe chochita nayo ndalamayo, kuti phindu la kumapeto likule. Zotsatira zake mai amabwereka ku gulu ili kuti abweze ku gulu lija, mpaka alongo a mpingo umodzi afika polandana mapoto. Ena aleka ndi kubwera ku mapemphero chifukwa choopa kukumana ndi amene anawakongoza. Gulu likafika pamenepo laleka kukhala la Chikhristu, ngakhale liyambe ndi nyimbo. Za magulu a pa WhatsApp a anthu osadziwana, olonjeza kuti ndalama yanu ibwerera kawiri m'masiku ochepa, sindichedwapo. Thawani.

Kumsika ndi maso otsegula

Pensulo ndi kabuku ndi zida zoyamba za wamalonda. Tiyerekeze mai wa vitumbuwa. Fulawa, shuga, yisiti, mafuta ndi makala zamudyera K200. Wakazinga vitumbuwa 125 vya K2 chimodzi. Akagulitsa vyonse apeza K250, ndiye kuti phindu ndi K50, osati K250. Tsopano ana adya khumi, mnansi watenga visanu pa nkhongole yosabwera. Phindu latsala K20. Madzulo bambo apempha K50 ya mu mbale ija. Mai uyu wadya mpamba osadziwa, ndipo pakatha milungu itatu adzati anamulodza. Ndalama ya malonda ikhale m'chitini chake, ya ndiwo m'chitini china.

Chinanso, tisamangotsanzirana. Mmodzi akayamba tomato, mlungu wamawa mzera wonse ndi tomato, ndipo onse atsitsa mtengo mpaka palibe wopindula. Yang'anani chimene anthu a kwanu amakwerera basi kukagula kutali. Kapena onjezerani nchito pa chimene muli nacho kale. Nshawa zosasenda zili ndi mtengo wake, zosenda ndi zosankhidwa bwino zili ndi wina, chiponde cha m'botolo chili ndi winanso. Mpendadzuwa ukapita ku makina umabwera mafuta, ndipo zotsalira zake ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Ku chigawo cha kum'mawa kuli chitsanzo cha COMACO, imene inayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa. Imagula nshawa, mpunga, soya ndi uchi kwa alimi amene alonjeza kusiya kupha nyama mosaloledwa ndi kusamala nthaka, n'kuzigulitsa m'masitolo akuluakulu ndi dzina lakuti It's Wild! Anthu amene anali kutchera misampha anapereka mawaya ndi mfuti chifukwa anapeza wogula wodalirika.

Nanga mai uja wa chimanga cha mu May? Iye anagulitsa pa nthawi imene aliyense anali kugulitsa, chifukwa nkhongole inali pakhosi. Akanakhala m'gulu losunga ndalama, akanabwereka pang'ono n'kusunga matumba ake mpaka mtengo utakwera. Za anankafumbwe, kuli matumba a PICS, a nsanjika zitatu, osalowa mpweya, amene amasunga chimanga chouma bwino popanda mankhwala. Ndipo mlimi mmodzi wa matumba asanu amalandira mtengo umene wogula wanena, koma azimai makumi awiri a matumba zana, okhala ndi sikelo yaoyao ndi foni yofunsira mtengo wa m'tauni, amanena mtengo ndi iwo. Mutu umodzi susenza denga.

Sikelo ya Mkhristu

Mneneri Amosi anaona amalonda amene anali kupita ku mapemphero koma mtima uli pa kuti Sabata lithe msanga, akachepetse muyeso, akakweze mtengo, ndi kugulitsa ngakhale mungu wa tirigu. Katekisma wa Heidelberg, pa Sabata 42, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu, amati kuba si kuthyola nyumba kokha. Amatchula miyeso yonyenga, katundu wachinyengo, ndalama zabodza, chiwongoladzanja chopondereza, umbombo, ndi kumwaza mphatso za Mulungu. Ndipo amati tigwire nchito mokhulupirika kuti tikhale ndi chothandizira osowa.

Tidziyese. Meda yogulira ndi yotupa, yogulitsira ndi yophwanyika pansi. Tomato wabwino ali pamwamba, woola pansi. Nshawa timazinyowetsa kuti zisendeke msanga ndi kulemera pa sikelo, pamene madziwo amabweretsa chuku chokhala ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo odya ndi ana a anzathu. Ife a malipiro a pamwezi timapita kumudzi nthawi yokolola ndi salaula ndi mchere, n'kusinthanitsa diresi lakale ndi chimanga chimene banja likanadya mwezi wathunthu. Mtsikana wotigwirira nchito panyumba timamulipira mochedwa, kapena timati adya zathu, chikhalirecho lamulo la dziko linaika malipiro ochepetsetsa a ogwira nchito za m'nyumba. Pa sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsutsa, koma gogo wogulitsa chibwabwa timamunenerera mpaka atachotsa theka. Umphawi wa ena umadyera m'mbale zathu.

Chinyengo chimasaukitsanso wochita. Wogula akapeza miyala m'thumba la nyemba sabweranso, ndipo amauza anzake kuti za mudzi uja musagule.

Kupatsa kumene kumaimiritsa munthu

Monga mtumiki ndafunsidwa kangapo ngati zonsezi zitanthauza kuti tileke kugawa ufa. Ai. Chilala cha 2024 chitapsereza minda, munthu wanjala anafunika nsima, osati phunziro la malonda. Ndipo alipo amene sadzapita kumsika: okalamba, odwala kwambiri, agogo olera ana amasiye asanu. Amenewa ndi udindo wa mpingo masiku onse, ndipo tiwathandizenso kulembetsa ku thandizo la boma la ndalama za osauka, limene linayamba ku Kalomo mu 2003.

Vuto ndi pamene tipatsa mai wamphamvu thumba la ufa chaka ndi chaka, osamufunsa za kambiya kake. Iye amazolowera kuona manja athu, ife timazolowera kuyamikidwa. Lamulo la khunkha pa Levitiko 19 linauza mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyire osauka ndi alendo. Rute anatola yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, napuntha yekha, nabwerera kwa apongozi ake ndi chakudya cha manja ake. Boazi anamupatsa malo, madzi akumwa ndi chitetezo kwa anyamata ake. Ndiye ngati Chigwirizano chanu chifuna mayunifomu, apatseni nchitoyo mai wamasiye wodziwa kusoka, ndipo mumulipire mtengo wonse. Ngati pali msonkhano waukulu, nkhuku ndi ndiwo zigulidwe kwa mamembala osauka. Ngati thumba la atumiki lili ndi kanthu, gawo lina ligule mbuzi yaikazi, ndipo mwana woyamba wa mbuziyo apite kwa mai wina.

Mtsikana wanga wa Giredi 11 uja anabwerera ku sukulu. Azimai a dera lao anagula nyemba za amai ake pa mtengo wa kumsika, ndipo anawalowetsa m'gulu lao losunga ndalama ndi sheya imodzi. Sanalemere. Koma chaka chotsatira anagulitsa chimanga chao mu October.

Zokambirana ndi zochita

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi pepala limene walembapo zonse zimene ali nazo zotha kubala ndalama, ngakhale zazing'ono, ndi nkhongole zonse zimene ali nazo pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Pepala la nkhongole ndi lanu nokha ndi Mulungu, simudzaliwerenga pagulu. Kambiranani m'magulu a anthu asanu: kodi m'dera lanu ndi mwezi uti umene mbeu zimagulitsidwa motchipa kwambiri, ndipo chimakakamiza anthu kugulitsa n'chiyani? Kodi gulu lanu losunga ndalama linachitapo chiyani kwa membala amene analephera kubweza chifukwa cha matenda? Ndi amasiye angati mu mpingo wanu amene analandidwa katundu m'zaka zisanu zapitazi, ndipo Chigwirizano chinali kuti tsiku limenelo?

Amene mumagulitsa kapena kugula mbeu, bwerani ndi meda zanu, yogulira ndi yogulitsira. Atsogoleri apeze sikelo ndi ndowa ya chimanga, tidzaziyese zonse pamaso pa gulu.